Mphika Wathu Unakafika ku Joni

Phokoso limene ndimalikumbukira la chaka cha njala chija ndi la zikhadabo. Tikakhala chete m'kalasi, aphunzitsi atatembenukira ku bolodi, linkayamba: kwee, kwee, kwee, zikhadabo pa khungu louma. Wina ankakanda pamkono, wina m'khosi, wina ankalowetsa manja pansi pa desiki n'kumakandira komweko. Aphunzitsi akacheuka, manja onse anali pa makope ngati palibe chachitika.

Ukamufunsa mnzako chimene chamuyabwa, yankho linali limodzi. "Ndi sopo watsopano." Kalasi yonse inali itagula sopo watsopano, pa nthawi yomwe m'magolosale a pa Ulongwe sopo ankangochita fumbi pa shelefu.

Tinali mu Fomu 3 pa sekondale yoyendera, kamtunda pang'ono kuchoka pamsewu wa phula. Mvula inadula chimanga chisanatulutse ngayaye, ndipo pofika nyengo yotentha m'nkhokwe munatsala makoswe okha, nawonso atayamba kusamuka. Anthu anatembenukira ku chitedze. Tonse tinakula tikuchidziwa ngati chinthu chothawa, chifukwa mphepo ikangouluza ubweya wake, munthu umavula malaya panjira. Koma m'makoko akewo muli nyemba, ndipo nyembazo zikaphikidwa mokwanira zimakhazika m'mimba pansi. Anthu ankalawirira kuphiri kukathyola, pobwerera n'kubisa pansi pa nkhuni. Panjira ankapatsana moni, aliyense atasenza mtolo wake, aliyense akudziwa chimene chili pansi pa mtolo wa mnzake.

Ine ndinkakhala ndi anganga, mayi awo a malemu mayi anga. Bambo sindinawadziwe, ndipo mayi anamwalira ndisanayambe sukulu. Anganga anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu chifukwa khutu limodzi linkawavuta, ndipo ankakhulupirira kuti pakhomo posesedwa bwino palibe amene angapaganizire njala. Chaka chimenecho ankasesa m'mawa ndi madzulo omwe. Chitedze chathu tinkaphikira kuseri, pakati pa bafa ndi mpanda, ndipo madzi ake akuda bii ankawathira mu ngalande ya kubafa kuti asasiye banga pabwalo. Mlendo akaodira, ankatuluka akutokosa m'mano ndi kamtengo ngati munthu amene wadya nyama.

Temu imeneyo kunabwera mphunzitsi watsopano wa Bayoloje, mayi wachitsikana wochokera ku Balaka. Tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Anabwera ndi laputopu yawoyawo ndi kasola kamene ankakayanika padzuwa ngati makaka. Sabata yoyamba yomweyo anatitsegulira bulogu, tsamba la kalasi yathu pa intaneti, pomwe aliyense ankalemba nkhani yake, anzake n'kumayankha pansi pake.

"Zimene zili m'buku musandilembere, bukulo ndili nalo," anatero. "Lembani chimene mwaona ndi maso anu, kenako funso lanu, kenako munthu amene mukamufunse. Dzina la munthu musalembe. Ndipo woyankha pansi pa nkhani ya mnzake asabwere kudzaonetsa nzeru. Amuthandize mnzake kufunsa bwino."

Netiweki inkapezeka malo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa zimbudzi za anyamata. Lachitatu lililonse masana tinkakwera pachulupo, Madamu atanyamula foni m'mwamba, laputopu ili pamiyendo ya amene wafika nthawi yake yolemba, enafe titazungulira ngati pali maliro a mbewa. Tinkalemba ndi chala chimodzi, kufunafuna zilembo. Wina anafunsa chifukwa chake mjigo wa pasukulu unkatulutsa madzi m'mawa mokha. Wina anafunsa kumene kunkapita mbuzi zonse zimene mavenda ankakweza m'malole pa Ulongwe. Mnyamata wina wanthabwala anafuna kufufuza chifukwa chake mimba ya ahedi sinkaphwa pomwe zathu zinali zitagundana ndi msana.

"Funso labwino," anatero Madamu osaseka. "Ukamufunsa ndani?"

Funsolo linafera pomwepo.

Ine masabata oyambirira sindinalembe kanthu. Ndinkapereka malo anga kwa ena, ine n'kumawerenga. Madamu sanandikakamize. Tsiku lina anangondiuza kuti, "Iwe maso ako amagwira ntchito kuposa pakamwa. Palibe vuto, bulogu siifuna pakamwa."

M'kalasi, patsogolo panga pankakhala mtsikana wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, kutsidya kwa kanjira kopita kumjigo. Anali wolongolola, wosatha mawu, ndipo ankanditchula kuti shehe chifukwa cha kufatsa kwanga. M'mawa wina tili pa asembule anayamba kuseka yekha, kenako anayankhula zosamveka, n'kukhala pansi atagwira mutu. Anasanza kuseri kwa kalasi. Anauza aphunzitsi kuti ndi malungo. Ine ndinaona zimene anasanzazo. Zinali zomwe ndinadya inenso dzulo lake, koma ine ndinali nditaima bwinobwino, mutu wanga uli m'malo mwake.

Funso langa linachokera pamenepo. Nyemba zake n'zomwezo, phiri lake n'lomwelo. N'chifukwa chiyani ena zikuwazunguza mutu, ena ayi?

Madamu anali ndi foni yakale yosweka galasi yomwe ankatibwereka kuti tikajambulire zinthu kunyumba. Ndinaitenga, ndipo anganga atapita kumjigo ndinazungulira kuseri, n'kuvundukula mphika. Madzi anali akuda ngati oyilo wotha ntchito, nyemba zikuvinavina m'katimo. Ndinajambula. Lachitatu ndinakwera pachulu n'kulemba. Ndinalemba kuti kunyumba kwathu tikudya chitedze. Ndinafotokoza kuti timachiwaula kuti ubweya upse, timachiviika, timachisenda, kenako kuphika n'kumataya madzi mobwerezabwereza, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufikira madziwo atayera. Ndinafunsa kuti ena amaphika bwanji, ndipo ndani wadwalapo. Dzina sindinalembe. Madamu anawerenga ali chiimire, n'kundifunsa ngati ndikufunadi kuti ituluke. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Tsiku limenelo anzanga anatsika pachulu osandiyang'ana. Sabata yotsatira Madamu analola kuti aliyense ayankhe payekha, laputopu itatembenuzidwa kuti ena asaone, ndipo mayankho onse ankatuluka opanda dzina. Oyambirira anali achipongwe. "Ife ndi sopo, achimwene." "Shehe wayankhula, mvula igwa." Koma pansi pake panayamba kubwera ena. Wina analemba kuti kwawo amataya madzi kamodzi kokha chifukwa mjigo uli kutali. Wina anati mayi ake amaphikira m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo utsi ukawakwana amaphula. Wina anati mng'ono wake anagona tsiku lonse akuona anthu pakhoma. Wina anangolemba kuti, "Nafenso."

Madamu anatiwerengera onsewo mokweza m'kalasi. Kwa nthawi yoyamba anthu ankakanda poyera, manja ali pamwamba pa madesiki.

"Tsono taonani," anatero. "Amene akudwalawa akufanana pati?"

Tinatchula nkhuni, tinatchula madzi. Mtsikana wa kutsidya kwa njira uja, amene anali atachira, ndiye anakweza mkono.

"Madamu, onsewo akuphikira m'nyumba."

"Ndiye?"

"Ndiye sangachedwe nazo. Ukaphika panja tsiku lonse, anthu aona utsi, adziwa kuti si nyemba wamba. M'nyumba umafuna zipse msanga anthu asanabwere."

Tonse tinaganiza za makomo athu. Chimene chinkatigwetsa sichinali chitedze chokha. Aliyense ankabisira mnzake, ndiye aliyense ankaphika mothamanga, ndipo panalibe wofunsa mnzake kuti inu mumatani.

Madamu anatumiza nkhaniyo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti nayenso ayankhe. Iye analemba kuti chitedze chili ndi poizoni, ndipo chabwino n'kusadya n'komwe. Pansi pake wina wa ife analemba kuti, "Ndiye tidye chiyani, bwana?" Mlangiziyo sanakwiye. Anabweranso n'kulemba kuti amene alibiretu china asafulumize mphika, ana aang'ono asawapatse, ndipo munthu akadwala athamange naye kuchipatala n'kukanena zoona za chimene wadya, chifukwa akanena kuti malungo, a chipatala adzataya nthawi kufunafuna malungo. Anzanga anayamba kubwereka foni ija kukajambula madzi a m'miphika yawo kuti afanizire mtundu wake ndi wa pa chithunzi changa.

Chimene sindinachiganizire ndi utoto. Kwathu pakagwa maliro, nyumba iliyonse imapereka mphika wake waukulu kusiwa, ndipo kuti miphika isasokonekere, mwini aliyense amaika chizindikiro chake. Wa anganga unali ndi mizere iwiri ya utoto wobiriwira pafupi ndi khutu lake. Mphika umenewo unaphikapo pa maliro onse a m'mudzi mwathu, a mayi anga omwe. Panalibe munthu wamkulu amene sankaudziwa. Pa chithunzi changa mizereyo inkaoneka bwino kuposa nyemba.

Mchimwene wake wa mnzathu wina anatumiza nkhaniyo pa gulu la pa foni la anthu akwathu okhala ku Joni. Kumeneko kunali amalume anga, mwana wamwamuna yekhayo wa anganga, mwini mbumba wathu.

Anaimba Lachisanu, anthu atangotuluka mumzikiti. Anganga ankayankha foni ataitsegula mawu chifukwa cha khutu lija, choncho ndinamva zonse, ndipo ndikukhulupirira kuti a kutsidya kwa njira anamvanso.

"Amao, mphika wanu uli pa mafoni a anthu kuno."

"Mphika wanga uli kuseri kuno. Ukunena chiyani?"

"Walahi, ndauona ndi maso anga. Mizere iwiri yobiriwira. Kamnyamata kanuko kalemba kuti mukudya chitedze. Anzanga akundiseka kuntchito, akuti iwe ukudya tchipisi kuno, mbumba yako ikukanda kumudzi. Ndiyenda bwanji ine? Mpatseni foniyo."

Anganga anandipatsira foni osandiyang'ana.

"Iwe, ndani anakutuma?"

"Palibe, amalume."

"Ukafufute zimenezo. Wamva?"

Ndinakhala chete.

"Ndikuyankhula ndi chitsa? Ndati ukafufute."

"Kodi ndanama, amalume?"

Kumbali inayo kunamveka magalimoto okha. Kenako anati, "Mwana wopanda mwambo," n'kudula. Sindinawade. Ndinkadziwa kuti ntchito yawo kumeneko inali yongogwiragwira, ndipo miyezi ina ankagona ndi njala ngati ife. Koma ine ndinali ndisananame.

Anganga sanandimenye. Anakatenga mphika uja, anakhuthulira nyemba m'beseni, n'kukhala pansi ndi mchenga ndi kamwala, kuyamba kupala utoto. Anapala mpaka zala zinatuwa. Mzere umodzi unachoka theka, winawo unakana.

"Wandivula pamsika," anatero, maso ali pa mphika. "Ine ndinaika amuna anga, ndinaika mayi ako, sindinaimepo pakhomo pa munthu ndi mbale. Lero anthu a ku Joni akusuzumira mumphika mwanga. Njala ndi ya m'nyumba, iwe. Umaitsekera chitseko."

"Ikudwalitsa anthu chifukwa cha chitsekocho, anganga."

"Anakuuza ndani? Kabokosi ka aphunzitsi akoko?"

"Tapeza tokha."

"Mwapeza nokha! Ana oti mukadali ndi mamina."

Lolemba ndinapeza kuti amalume anaimbiranso ahedi. Madamu anandiitana pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi kasola kawo.

"Nkhani yako ndaibisa," anatero. "Sindinaifufute. Ilipo, koma palibe amene angaione. Ahedi akufuna kuti pofika Lachitatu ikhale itachokeratu."

"Pamodzi ndi mayankho onse aja?"

"Zimachokera limodzi."

"Funso ndi langa, Madamu. Munanena nokha."

"Funso ndi lako. Mphika ndi wa eni. Pamenepo ndinalakwitsa inenso, ndinayenera kukufunsa ngati eni ake alola." Anapukuta fumbi pa kasola ndi m'mphepete mwa chitenje. "Pali njira ina. Tichotse chithunzi, ndipo pamene unalemba kuti kunyumba kwathu, tilembe kuti m'mudzi wina. Ahedi angalole."

"Iyayi."

"Iwe, taganiza kaye."

"M'mudzi wina palibe amene akanayankha, Madamu. Aliyense akanati ndi za anthu ena. Anayankha chifukwa nyumba imodzi inayamba. Ndipo popanda chithunzi, afanizira ndi chiyani madzi awo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anali asanandimvepo ndikuyankhula mawu ochuluka chonchi.

"Ndiye kapemphe kwa eni mphika," anatero. "Akalola okha, ine ndikaima pamaso pa ahedi. Akakana, Lachitatu ndifufuta, ndipo udzandida, koma ndifufuta."

Ndinapempha madzulo omwewo. Anganga anandiyankha ndi liwu limodzi lomwe ndinali nditawayankha Madamu. Iyayi.

M'mawa mwake sindinapite kusukulu. Anganga atanyamula khasu kupita ku ganyu kudimba la munthu wina, ndinatenga mafuwa kuseri kuja n'kuwaika pakati pa bwalo lawo losesedwa bwino lija, moyang'anana ndi kanjira ka kumjigo. Ndinakoleza moto, ndinatereka mphika, mbali ya utoto ikuloza kunjira. Madzi atada ndinawakhuthulira pabwalo pomwepo. Anayenderera n'kusiya banga lalikulu ngati pamene pafera galimoto.

Amayi opita kumjigo ankadutsa ndi zidebe. Ankandipatsa moni akuyang'ana kumwamba, kumitengo, kulikonse kupatula pamoto. Agogo ena aamuna anaima, n'kununkhiza.

"Nyemba zimenezi, mdzukulu?"

"Chitedze, agogo."

"Aa!" Anakanda pamkono, n'kuzindikira chimene akuchita, n'kubisa mkonowo kumbuyo. "Wapenga mwana uyu," anatero akupita. Koma atafika patali pang'ono anacheuka kuti aone mmene ndinkatayira madzi.

Anganga anabwera dzuwa lili paliwombo. Anaima m'mphepete mwa bwalo, khasu lili paphewa, n'kuyang'ana bangalo. Ndinadikira khofi. Iwo anatsitsa khasu, anakulunga manja m'chitenje, n'kunyamula mphika uli wowira choncho kupita nawo kuseri. Anabwerera kudzatenga mafuwa, limodzilimodzi, akutentha. Kenako anatenga tsache n'kuyamba kusesa dothi louma kukwirira bangalo. Silinakwiririke.

Akadali ndi tsache m'manja, mtsikana wa kutsidya uja anatulukira akuthamanga. Sanabwere kwa ine, anapita kwa anganga.

"Anganga, tabwerani, mwana kwathu."

Tinawoloka njira tonse. Mlongo wake wamng'ono, kamnyamata kosayamba sukulu, anali atagona pamphasa pakhonde, maso akutembenuka, manja akugwiragwira zinthu zosaoneka. Mayi ake anali atamugwira mutu. M'nyumba munkatuluka utsi pansi pa chitseko.

"Ndi malungo," anatero mayiwo tisanafunse. "Ayamba usiku."

Anganga anagwada, ananunkhiza pakamwa pa mwanayo.

"Mwampatsa zingati?"

"Zingati chiyani, amayi? Ife sitidya zimenezo."

"Ndafunsa kuti mwampatsa zingati."

"Ndati ife sitidya. Mwina kwanuko, poti zalembedwa ndi pa mafoni pomwe."

Ndinaganiza kuti anganga aimirira n'kubwerera kwawo, chifukwa pa mawu ochepa kuposa amenewo anakhalapo chaka osayankhulana ndi munthu. Koma anakwinya malaya awo mpaka m'zigongono, n'kutambasula mikono yonse pamaso pa mayiwo. Inali ndi mizere yoyera ya zikhadabo, ina itachita nkhanambo.

"Onetsani yanu," anatero.

Mayiwo sanaonetse. Anangoyamba kulira osatulutsa mawu.

"Itanani wakabaza," anganga anauza mtsikanayo. "Ndipo inu mukakafika kuchipatala musakanene za malungo. Mukanene chimene chili mumphika wanu. Mukachita manyazi, mwana uyu mukamusiya komweko."

Anapita naye pa njinga, mayi atamukumbatira kumbuyo. Ife tinabwerera kwathu. Anganga sanandiyankhule madzulo onsewo. Anandigawira nyemba zanga, anadya zawo, anatsuka mbale. Ndinafuna kufunsanso za nkhani ija koma nkhope yawo inali yotseka ngati chitseko cha a kutsidya.

Lachitatu m'mawa mtsikana uja anandiuza panjira kuti mlongo wake wadzuka, wapempha madzi, ndipo mayi ake ananena zoona kwa anamwino atafunsidwa kachiwiri. Sananditchule shehe tsiku limenelo. Anangofunsa kuti, "Anganga alola?"

"Iyayi."

"Ndiye lero ifufutidwa?"

"Ikafufutidwa ndilembanso."

"Adzafufutanso."

"Ndidzalembanso."

Masana tinakwera pachulu monga mwa nthawi zonse, koma panalibe wolimbirana malo. Madamu anakhala pansi, laputopu pamiyendo pawo, foni anampatsa mnyamata wanthabwala uja kuti aigwire m'mwamba. Netiweki inavuta tsiku limenelo, kachizindikiro kankangozungulira. Mnyamatayo anayamba kutsitsa mkono pang'onopang'ono kuti ivutiretu.

"Kweza mkonowo," anatero Madamu. "Ndakuona."

Tsamba linatseguka. Nkhani yanga inaoneka, yotuwa chifukwa chobisidwa, mayankho onse ali pansi pake. Madamu anandiyang'ana.

"Eni ake ati bwanji?"

"Akana."

"Ukufuna kufufuta wekha, kapena ndifufute ine?"

"Ine sindifufuta, Madamu. Fufutani inu, tonse tikuona."

Sanakondwe ndi yankho limenelo, ndinaona. Anapumira m'mwamba n'kuika chala pa laputopu. Ndi pamene wogwira foni uja, poti ndiye anali pamwamba kuposa tonse, anati, "Shehe, si anganga ako awo?"

Ankabwera m'kanjira kodutsa pabwalo la mpira, mphika uli pamutu, wovundikira ndi mbale. Chiyambire sukulu yanga anali asanapondepo pasukulu iliyonse. Anavala chitenje chawo cha ku maukwati ndi mpango woyera. Anadutsa ofesi ya ahedi osacheuka, anadutsa zimbudzi, n'kuima m'munsi mwa chulu. Anatiyang'ana tonse tili pamwambapo.

"Sukulu yake ndi imeneyi? Ya pachulu?" anafunsa ndi mawu awo aakulu aja. "Aphunzitsi ake ndi ati?"

Madamu anatsika msanga, n'kugwada pang'ono powapatsa moni.

"Ndinu amene mwatumiza mphika wanga ku Joni?"

"Pepani, amayi. Ndimafuna kuchotsa panopa."

"Muchotse chiyani? Ndani wakuuzani?"

"Ana anu anaimba foni kwa ahedi."

"Mwana wanga ali ndi mphika kuno?" Anatula mphikawo pamutu n'kuugwira m'manja. "Akaimbanso mumuuze kuti wamanyazi atumize ufa. Ngati alibe, aziyenda bwino kumeneko, ife tikudya. Ahedi anuwo akafuna kumva, nyumba yanga ndi ya banga lakuda pabwalo, sangasochere."

Wina pachulu anaseka, n'kudzitseka pakamwa.

"Koma pali chimene sindinakondwe nacho," anapitiriza. "Andionetsa chithunzicho kugolosale. Mwana uyu anajambula madzi oyamba. Akuda ngati a m'chithaphwi. Anthu aziti ine ndimadya zimenezo? Ndiye ena aziphula pomwepo n'kumati ndi mmene amachitira anganga aja. Ntchito yanji imeneyo, aphunzitsi? Simunamuuze kuti afunse?"

"Ndinamuuza, amayi."

"Sanafunse. Amangoyang'ana ngati kadzidzi." Anakweza mutu kundifunafuna. "Iwe, tsika."

Ndinatsika. Anavundukula mbale ija. Munali nyemba zofewa, zotuwira, m'madzi oyera moti pansi pa mphika pankaoneka.

"Awa ndiye omaliza. Ujambule awa, uwaike pafupi ndi akuda aja, anthu aone kusiyana. Ulembenso kuti ana aang'ono asapatsidwe, ngakhale alire bwanji." Anautembenuza mphikawo mpaka mzere ndi theka wa utoto wobiriwira unaloza kwa ine. "Ndipo ujambule mbali iyi. Asamati ndi wa munthu wina."

Anandiika mphikawo m'manja. Unali ukadali wofunda.

"Ubwere nawo, ndi chakudya cha madzulo chimenecho," anatero, ndipo anatembenuka n'kulowera kubwalo la mpira, akukonza mpango wawo.